Kelly's Heroes: mafunso ndi mayankho pa filimu yankhondo yoseketsa imene imasiya munthu ndi mitima iwiri

Filimu ya Kelly's Heroes inatuluka m'chaka cha 1970, ndipo mpaka lero anthu sagwirizana ngati ili filimu yankhondo imene muli nthabwala kapena yanthabwala imene muli nkhondo. Ena amaikonda kwambiri moti amaionera mobwerezabwereza, ena amaisiyira pakati atatopa nayo, koma palinso gulu lachitatu, limene ine ndilimo, la anthu amene amaseka ndithu poonera koma akamaliza mtima sukhala m'malo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wa gulu limeneli angakhale nawo. Amene simunaionere dziwiranitu kuti mayankhowa akuulula nkhani yonse mpaka mapeto ake.

Kodi filimuyi anaipanga ndani, ndipo muli akatswiri ati?

Ndi ya kampani ya MGM ya ku America, ndipo amene anaitsogolera ndi Brian G. Hutton, yemwe mu 1968 anali atagwira kale ntchito ndi Clint Eastwood pa filimu ina yankhondo, Where Eagles Dare. Nkhani yake inalembedwa ndi Troy Kennedy Martin wa ku Britain, amenenso analemba The Italian Job ya mu 1969. Mfundo imeneyi ndi yothandiza kuidziwa, chifukwa mafilimu awiriwa onse ndi nkhani za gulu la anthu opangana kukaba golide. Kusiyana kwake n'kwakuti akuba a mu Kelly's Heroes avala yunifolomu ya asilikali a America, ndipo banki imene akufuna kuthyola ili m'dera limene lili m'manja mwa adani.

Eastwood ndiye Kelly, msilikali wamba amene kale anali lefutenanti koma anamutsitsa pa udindo pomusenzetsa mlandu wa akuluakulu ake. Telly Savalas ndi sajeni Big Joe. Don Rickles ndi Crapgame, sajeni woyang'anira katundu amene amachita katangale ndi chilichonse chodutsa m'manja mwake. Carroll O'Connor ndi General Colt. Ndipo Donald Sutherland ndi Oddball, mkulu wa akasinja atatu. Ena mwa anthuwa anali asanafike pachimake pa kutchuka kwawo, pakuti O'Connor anadzadziwika kwambiri kuyambira 1971 ndi pulogalamu ya pa TV ya All in the Family, pamene Savalas anayamba Kojak mu 1973.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Zonse zikuchitika mu September 1944, pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, m'chigawo cha Lorraine, kum'mawa kwa France, pafupi ndi mzinda wa Nancy. Kelly anagwira mkulu wina wa nthambi ya ukazitape ya asilikali a Germany, Colonel Dankhopf, ndipo m'chikwama chake anapezamo chitsulo cholemera chooneka ngati mtovu, chimene atachipala pang'ono chinaonetsa golide mkati. Atamuledzeretsa, mkuluyo anaulula kuti m'banki ya m'tawuni yotchedwa Clermont, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuseri kwa malo amene asilikali a Germany anatchinga, munali njerwa za golide 14,000 za mtengo wa madola 16 miliyoni.

Mpata unapezeka chifukwa kaputeni wa gululo, Maitland, amene ndi wachibale wa General Colt, anapatsa asilikali ake masiku atatu opuma iye n'kunyamuka ulendo wa ku Paris, maganizo ake onse ali pa boti limene analanda kuti alitumize kwawo. Kelly anakopa anthu mmodzimmodzi powaonetsa golide uja: Crapgame kuti apereke zida ndi mafuta, sajeni wa mizinga Mulligan kuti aombere adani pa nthawi imene gululo lizidutsa, ndi Oddball kuti abwere ndi akasinja ake. Big Joe poyamba anakanitsitsa, popeza iye chimene ankafuna ndi chakuti anyamata ake abwerere kwawo amoyo, koma ataona kuti onse atsimikiza zopita analolera kuwatsogolera.

Ulendowo sunayende monga anapanganira. Magalimoto awo anaphulitsidwa ndi ndege ya dziko lawo lomwe, moti anayenda wapansi n'kukalowa m'munda wa mabomba okwirira. Oddball atapeza mlatho utagumulidwa anaitana gulu lomanga milatho, ndipo chiwerengero cha ofuna kudya nawo chinakula. General Colt, pomva phokoso lonseli pa wailesi ya asilikali, anaganiza kuti wapeza ngwazi zimene zayamba zokha kuthamangitsa adani, ndipo anauyamba ulendo wokawapatsa mamendulo. Ku Clermont bankiyo inkalonderedwa ndi akasinja atatu a mtundu wa Tiger. Awiri anawonongedwa, koma wachitatu anaima nji pakhomo pa banki, ndipo kasinja wa Oddball anali atafa injini. Mapeto ake Kelly, Big Joe ndi Oddball anapita kukakambirana ndi mkulu wa kasinjayo, amene sankadziwa n'komwe chimene ankalondera, ndipo atamva za golide anatembenuza mzinga wake n'kuphulitsa chitseko cha banki kuti agawane.

Ngati filimuyi ndi yoseketsa, n'chifukwa chiyani munthu amatha kuimaliza wosakhutira?

Chifukwa chake n'chakuti imapha anthu ake moona mtima kenako n'kupitiriza nthabwala ngati kuti palibe chachitika. Chitsanzo choonekeratu ndi cha m'munda wa mabomba uja. Asilikali akuyenda m'munda wolimidwa, mwadzidzidzi bomba likuphulika ndipo mmodzi wa iwo akufera pomwepo. Otsalawo akugwada n'kuyamba kukwawa, aliyense akubaya dothi pang'onopang'ono ndi mpeni wa kumfuti kuti amve ngati pansipo pali chitsulo. Ambiri atafika kumsewu, awiri amene anatsalira akadali pakati pa munda, ndipo nthawi yomweyo gulu la asilikali a Germany likutulukira pa magalimoto. Pa kuwomberana kumene kukutsatira awiriwo akuphedwa anzawo akuona, ndipo kamera ikuima kanthawi pa mitemboyo ndi pa nkhope za otsala. Chigawo chimenechi chinajambulidwa mwaluso, ndipo chikanakwanira bwinobwino mu filimu yankhondo yopanda nthabwala ngakhale imodzi.

Pasanapite nthawi yaitali tikupezeka tabwerera kwa General Colt akukuwa ali mu chovala chogonera, ndi kwa Oddball akuseketsa anthu pa telefoni. Anthu atatu afa chifukwa cha golide amene Kelly anawalonjeza, koma Kelly sakusintha, ndipo filimuyo siikumufunsa kanthu.

Kusakaniza imfa ndi nthabwala pakokha si cholakwika. Asilikali enieni amaseka ali pakati pa zoopsa, ndipo ngakhale kwathu kuno adzukulu amaseketsa anthu kumanda, koma kuseka kwawoko kumamveka chifukwa aliyense akudziwa kuti pali mtembo. Vuto la Kelly's Heroes n'lakuti nthabwala zake sizidziwa kuti pali mtembo. Zigawo zoseketsa ndi zigawo zomvetsa chisoni zangosanjikizidwa motsatizana popanda chimodzi kukhudza chinzake, moti woonera amakakamizika kusintha mtima mwadzidzidzi kangapo konse, ndipo ena amafika potopa nako.

Palinso nkhani ya asilikali a Germany, amene amafa ambirimbiri opanda dzina. Pamene akasinja a Oddball akutulukira pa siteshoni ya sitima zokuzira mawu zikuimba nyimbo yachikondi, anthu akuthawa, akupsa ndi kugwa paliponse, ndipo chigawo chonsecho anachikonza kuti tisangalale nacho. Ine ndinasangalala nacho ndithu, ndipo kusakhazikika kwa mtima kumene ndikunena kukuchokera pomwepo.

Kodi munthu ngati Oddball akanapezeka pakati pa asilikali mu 1944?

Ayi, ndipo opanga filimuyi ankadziwa zimenezo. Oddball ali ndi ndevu, wavala chipewa chachikopa cha oyendetsa ndege, amalankhula mwaulesi ngati munthu amene wangodzuka kumene, ndipo nthawi zonse amadzudzula makaniko wake Moriarty kuti akuwononga zinthu ndi maganizo ake oipa. Iye ndi anzake amakhala mwamtendere kuseri kwa malo omenyerako nkhondo chifukwa mkulu wawo anaphedwa ndipo iwo sananene, poopa kuti angawatumizenso kunkhondo. Ku mzinga wa kasinja wake amalumikizako paipi kuti adani aziganiza kuti ndi waukulu, ndipo ali ndi zipolopolo zina zodzaza penti. Nkhondo ili mkati ku Clermont, Big Joe akumupeza atakhala pansi akumwa vinyo, kudya tchizi ndi kuwothera dzuwa.

Munthu ameneyu ndi wa m'zaka za m'ma 1960, wa gulu la achinyamata a ku America otchedwa ma hippie, amene ankakana nkhondo ya ku Vietnam ndi moyo wa makolo awo. Anamutenga dala n'kumuika mu 1944 kuti achinyamata a mu 1970 adzione mwa iye. Apa ndi pamene oonera amagawanikira kwambiri. Amene amafuna filimu yokhulupirika ku mbiri amamuona ngati chilema chachikulu, pamene ena amati popanda iye filimuyi bwenzi itaiwalika kalekale. Ine ndili ku mbali yachiwiriyi, ngakhale ndikuvomereza kuti nthabwala ya maganizo oipa ija amaibwereza mpaka kufika poisukulutsa. Sutherland, amene anamwalira mu 2024, chaka cha 1970 chomwecho anaonekanso mu M*A*S*H, ndipo mafilimu awiriwa ndi amene anamukweza kuchoka pa maudindo ang'onoang'ono monga umene anali nawo mu The Dirty Dozen ya mu 1967.

Nanga nyimbo zake bwanji zikumveka zosagwirizana ndi nthawi ya nkhondoyo?

Nyimbo zambiri za mufilimuyi anapeka ndi Lalo Schifrin wa ku Argentina, amene amadziwika ndi nyimbo yotsegulira Mission: Impossible, ndipo ng'oma zake zoperekeza akasinja a Tiger zimachititsa mantha moyenera. Imene imautsa mkangano ndi Burning Bridges, yoimbidwa ndi gulu la Mike Curb Congregation, imene imamveka kumayambiriro ndi kumapeto. Ndi nyimbo yofewa ya kwaya ya achinyamata, yonena za munthu amene ananyozera malangizo a anzake, ndipo ikuimbidwa pamene Kelly akuyendetsa jipi usiku mvula ikugwa pakati pa asilikali a adani. Mike Curb pa nthawiyo anali mkulu wa nthambi ya nyimbo ya MGM, choncho sizodabwitsa kuti gulu lake linapeza malo. Ena imawakhala m'mutu kwa masiku angapo, ena amaona kuti inasochera kuchokera ku filimu ina.

Kodi filimuyi ikutsutsa nkhondo kapena ikuikometsera?

Ikuyesa kuchita zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Inatuluka mu June 1970, nkhondo ya ku Vietnam ili pachimake, patangopita milungu yochepa chichitikireni zoopsa za pa yunivesite ya Kent State ku America, pamene pa 4 May asilikali anaombera ndi kupha ophunzira anayi pa nthawi ya zionetsero zokana nkhondoyo. Chaka chomwecho kunatuluka M*A*S*H ndi Catch-22, mafilimu onyoza nkhondo poyera, komanso Patton, yonena za jenerale amene ankalamulira asilikali a America ku Lorraine komweko. Kelly's Heroes inaima pakati, ikufuna kukopa achinyamata okwiya ndi boma komanso makolo awo amene anamenya nawo nkhondo ya Hitler.

Pamene ikunyoza akuluakulu a asilikali imalasa bwino kwambiri. Kaputeni amaletsa anyamata ake kuba katundu wa anthu iye akutumiza boti lathunthu kwawo. Jenerale amamvetsera nkhondo pa wailesi ngati mpira, ndipo akafika ku Clermont anthu a m'tawuniyo amamuchingamira pomuyesa General de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa omenyera ufulu wa dziko lawo, iye n'kumakondwera osadziwa kuti banki yapululidwa kale. Mizinga ya America imagwera pa asilikali a America. Ndipo ganizo lalikulu la filimu yonse ndi lakuthwa: gulu limene silinkasuntha pomenyera mbendera likuyenda makilomita 50 m'masiku ochepa pomenyera matumba awo, mpaka omanga milatho ndi oika maliro omwe akuthamangira kutsogolo. Msilikali wamba, malinga ndi filimuyi, amaika moyo wake pachiswe tsiku ndi tsiku pa malipiro ochepa, choncho palibe chodabwitsa ngati tsiku lina asankha kuuika pachiswe pofuna phindu lake.

Koma filimu imene ikunena zimenezi ikutheranso mphindi zambirimbiri pa kuphulitsa nyumba, sitima ndi magalimoto mokongola, moti uthengawo umamira m'phokoso. Mbali ina ya vutoli inachokera ku kampani. James Aubrey, amene anakhala mkulu wa MGM mu 1969, ankadziwika ndi kudula mafilimu, ndipo iyi anaichotsa mphindi pafupifupi 20 asanaitulutse, dzina lake n'kulisintha kuchoka pa The Warriors. Eastwood anadandaula poyera pambuyo pake kuti zigawo zimene zinachotsedwa ndi zimene zinkaonetsa maganizo a anthu a m'nkhaniyi pa za nkhondo, kuphatikizapo kukambirana kwa Kelly ndi Big Joe. Tisathamangire kunena kuti mphindi zimenezo zikanakonza zonse, pakuti Hutton anali katswiri wa zophulitsa kuposa wa nthabwala, monga Where Eagles Dare ikuchitira umboni. Komabe zikufotokoza chifukwa chake Kelly akuoneka ngati munthu amene nkhani yake inasiyidwa panjira.

Kodi zimenezi zinachitikadi?

Kuba kwa ku Clermont ndi nkhani yopeka, koma malo ndi nthawi ndi zoona. Gulu la Kelly akuti ndi la 35th Infantry Division, imene inalidi pansi pa General George Patton ndipo inathandiza kulanda Nancy pa 15 September 1944. Kuima kwa asilikali kumene General Colt akudandaula nako kunachitikadi, chifukwa atathamanga kudutsa France yonse mu August, akasinja a Patton anasowa mafuta, ndipo nkhondo ya ku Lorraine inasanduka yokoka, moti mzinda wa Metz unagwa mu November.

Golide wa boma la Hitler nayenso analipodi, koma anapezeka malo ena. Mu April 1945 asilikali a Patton anapeza chuma chambiri cha banki yaikulu ya Germany chitabisidwa mu mgodi wa ku Merkers, golide wake wa mtengo woposa madola 200 miliyoni a nthawi imeneyo, ndipo pa 12 April akuluakulu atatu, Eisenhower, Bradley ndi Patton, anatsikira okha mumgodimo kukaona. Chuma china chinabisidwa m'mapiri a ku Bavaria, ndipo gawo lake linasowa m'chipwirikiti cha kutha kwa nkhondo. Nkhani ya ku Bavaria imeneyi ndi imene inapatsa wolemba filimuyi poyambira.

Kodi masamu a golideyo akugwirizana, ndipo anali wa ndani?

Pa nthawiyo mtengo wa golide unali wokhazikika pa madola 35 pa aunsi imodzi, choncho madola 16 miliyoni akanagula golide wolemera matani pafupifupi 14. Mukagawa matani amenewa ku njerwa 14,000 mupeza kuti iliyonse ikanalemera kilogalamu imodzi yokha, ndipo golide wa kilogalamu imodzi ndi kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja. Njerwa zimene mabanki aakulu amasunga zimalemera makilogalamu oposa 12, ndipo zikanakhala zimenezo mtengo wake bwenzi uli pafupifupi madola 200 miliyoni, kulemera kwake kupitirira matani 170, katundu amene gulu laling'ono chotero silikanatha kumunyamula. Izi sizisokoneza kuonera, koma amene amakonda kuwerengera adzaona kuti mabokosi akukwezedwa m'galimoto mopepuka kwambiri.

Funso lachiwirilo ndiye lolemera, ndipo filimuyi siilifunsa n'komwe. Golide wambiri amene Germany inali naye mu 1944 anali wolanda ku mabanki a mayiko amene inagonjetsa, monga Belgium ndi Netherlands, ndipo wina anachokera kwa anthu amene anaphedwa m'ndende zachibalo. Mu mgodi wa ku Merkers munapezekanso masutikesi a mphete, mawotchi ndi mano agolide amene gulu la SS, asilikali apadera a chipani cha Hitler, linalanda anthu amenewo. Munthu akadziwa zimenezi, ganizo lakuti kuba kwa Kelly ndi mlandu wopanda wodandaula limavuta kulimeza.

Kodi akasinja amene akuoneka ndi enieni?

A Oddball, a mtundu wa Sherman wa ku America, ndi enieni. Filimuyi inajambulidwa mu 1969 ku Yugoslavia, dziko limene asilikali ake anali akadali ndi akasinja amenewa, ndipo tawuni imene ikuimira Clermont ndi Vižinada ya m'chigawo cha Istria, chimene lero chili ku Croatia. Ma Tiger ndi akasinja a Soviet Union a mtundu wa T-34 amene anawaveka zitsulo kuti afanane ndi a Germany, ndipo ntchitoyo inagwirika bwino moti amene angazindikire ndi okhawo oyang'anitsitsa mawilo. M'zaka zimenezo mafilimu ambiri ankangopaka mtanda wakuda pa kasinja wa America n'kumutcha wa Germany, choncho khama limeneli ndi loyamikirika.

Mantha amene Oddball ali nawo pa Tiger ali ndi maziko. Kasinja ameneyu ankalemera matani oposa 50, anali ndi mzinga wa mamilimita 88 ndi chitsulo chochindikala mamilimita 100 kutsogolo, pamene Sherman ankalemera matani pafupifupi 30 ndipo ambiri anali ndi mzinga wa mamilimita 75. N'chifukwa chake mufilimuyi akuchita kumuzembera kumbuyo, wina akuliza belu la tchalitchi kuti phokoso la injini lisamveke, ndipo chigawo chimenechi, cha m'tinjira topanikiza mmene Tiger akulephera kutembenuza mzinga wake, ndi chimodzi mwa zabwino koposa. Kungoti ma Tiger oterewa anapangidwa pafupifupi 1,350 okha poyerekeza ndi ma Sherman pafupifupi 50,000, ndipo pa nkhondo ya akasinja ya ku Arracourt, kufupi ndi Nancy, mu September 1944 momwemo, ma Sherman anagonjetsa magulu a Germany amene anali ndi akasinja atsopano a mtundu wa Panther.

N'chifukwa chiyani mapeto ake amasangalatsa ena ndi kukhumudwitsa ena?

Pamene amuna atatu aja akuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa Tiger, manja ali pafupi ndi mfuti, kajambulidwe ndi nyimbo zomwe zikutsanzira mafilimu a ma cowboy amene Eastwood anachita ndi Sergio Leone ku Ulaya, amene anamutchukitsa zaka zochepa m'mbuyomo. Ndi nthabwala yabwino kwa amene anaonera mafilimu amenewo, ndipo zimene zikutsatira ndi pachimake pa ganizo la filimu yonse: asilikali wamba a mbali ziwiri akuzindikira kuti onse akufera zinthu za eni ake, ndipo akugwirizana kugawana.

Chimene chimandivuta n'chakuti mkulu wa kasinjayo, amene akuseweredwa ndi Karl-Otto Alberty, si mnyamata wokakamizidwa kulowa usilikali koma ndi wa gulu la SS. Miyezi itatu nkhaniyi isanachitike, pa 10 June 1944, asilikali a SS anapha anthu wamba oposa 640 m'mudzi wa Oradour-sur-Glane ku France komweko, ndipo mu December anapha akaidi ankhondo a ku America oposa 80 pafupi ndi Malmedy ku Belgium. Filimuyi ikumulola munthu wa gulu limenelo kuchoka ndi chuma chake, atagulitsa ngakhale kasinja wake kwa Oddball. Opanga filimu akanatha kumupanga msilikali wamba wa Germany ndipo nthabwalayo ikanakhala yomweyo.

Kodi Clint Eastwood anachita bwino?

Anachita zimene anapatsidwa, koma anapatsidwa zochepa. Kelly salankhula zambiri, saseka, ndipo ntchito yake ndi kuima chilili pakati pa anthu aphokoso. Dzina lake ndi limene lili pa mutu wa filimu, koma amene mumawakumbukira mukamaliza ndi Sutherland, Rickles ndi Savalas, makamaka Savalas, chifukwa Big Joe yekha ndi amene akuoneka kuti imfa ya msilikali imamupweteka.

Bwanji m'gulu la Kelly mulibe msilikali wakuda, ndipo akazi ali kuti?

Pa mfundo yoyambayo filimuyi ikutsata mbiri. Mu 1944 asilikali a America ankagawidwa potengera khungu, ndipo lamulo lothetsa tsankho limeneli linasainidwa ndi Pulezidenti Harry Truman mu 1948. Akuda ambiri ankapatsidwa ntchito zonyamula katundu, moti pa madalaivala anayi alionse a magalimoto a Red Ball Express, amene ankathamangitsa mafuta ndi zipolopolo kupita kwa asilikali a Patton ndi anzawo, atatu anali akuda. Gulu la akasinja la asilikali akuda la 761st Tank Battalion linayamba kumenya nkhondo ku Lorraine komweko mu November 1944. Filimu imene nkhani yake yazikika pa katundu, mafuta ndi katangale inali ndi mpata wowaonetsa anthu amenewa, koma sinaugwiritse ntchito. Akazi amangooneka mwa apo ndi apo, ndipo amatchulidwa kwambiri m'nkhani za asilikali ofuna zosangalatsa ku Nancy.

Kodi ndi yaitali bwanji, ndipo ndi yoyenera kuonera ndi ana?

Imatenga pafupifupi maola awiri ndi theka, nthawi yochuluka kwa filimu yanthabwala, ndipo pamene imakoka kwambiri ndi pakati, kuyambira pa nkhani ya mlatho mpaka kufika ku Clermont, kumene General Colt akubwereza nthabwala imodzi yomweyo mokuwa. Amene watopa pamenepo apirire, chifukwa mphindi 40 zomaliza ndi zimene zili ndi luso lochuluka. Magazi saoneka kwambiri poyerekeza ndi mafilimu ankhondo a masiku ano, koma anthu ophedwa ndi ambiri, muli mawu ena otukwana, ndipo akuba akupambana popanda chilango, choncho kwa ana aang'ono si yoyenera. Chingelezi chake ndi cha ku America cholankhulidwa mothamanga, makamaka cha Rickles ndi O'Connor, ndipo nthabwala zambiri zili m'mawu osati m'zochita, moti ndi bwino kuionera mawu olembedwa pansi atayatsidwa.